Galimoto ikumwa mafuta m'minda ya tiyi: kodi mlandu ndi wa sensa ya okosijeni?

Misewu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo sichitira chisoni galimoto yofooka. Mukangosiya tala wa M2, uja wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe ndi pa Boma, n'kulowa m'kati mwa maesiteti a Satemwa, Conforzi, Naming'omba kapena Makwasa, mumakumana ndi dothi lofiira lomwe m'dzinja limasanduka matope oterera ndipo m'chilimwe limakhala fumbi lolowa paliponse. N'chifukwa chake anthu a kuno amene akwanitsa kugula galimoto, kaya ndi akalaliki a m'mafakitale, aphunzitsi, azachipatala, abusa kapena alimi a tiyi oima paokha, amathamangira zija zazitali zokoka ndi mateyala onse anayi, zikhale zakale bwanji: RAV4, Escudo, Pajero, X-Trail, Hilux Surf, Prado. Zambiri zinafika kuchokera ku Japan zitagwira kale ntchito zaka zambiri, ndipo kuno zagwiranso zina.

Galimoto zotere zikakalamba zimafika pa dandaulo limodzi. Mafuta ayamba kutha msanga, utsi ukununkha petulo wosapsa, mapulagi ada bii, ndipo pa dashibodi payaka kanyali kachikasu kojambulidwa injini. Mwini wake amapita nayo kwa yemwe ali ndi kamakina ka diagnosis, kamakinako kamatulutsa nambala monga P0130, P0133 kapena P0171, ndipo chigamulo chimagwa pompo: "Sensa ya okosijeni yapita, bwana. Mukagule ku Limbe." Sensa imagulidwa, imamangidwa, nyali imazimitsidwa. Sabata ziwiri zisanathe yayakanso. Ndalama zapita, ndipo si zochepa: chigwereni kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Pa milandu yambiri yotere sensa imakhala yosalakwa. Nambala yotuluka pa kamakina sinena kuti chitsulo chakutichakuti chafa. Imangonena kuti kompyuta ya galimoto yaona zosalongosoka pa waya wochokera kumeneko, kapena kuti yalephera kulinganiza mafuta ndi mpweya. Chomwe chachititsa ndiye chofunika kufufuza, ndipo zida zofufuzira si zodula: mita ya magetsi, maso, makutu ndi mtima wodekha.

Koma choyamba, kodi galimotoyo ili nayo sensayo? Pa maesiteti funsoli si lachibwana. Magalimoto omwe amasenza ntchito yolemetsa kumeneku ambiri ndi a dizilo: Land Cruiser ya injini ya 1HZ, Hilux ya 3L kapena 5L, Defender ya 300Tdi kapena Td5. Injini zimenezi zilibe sensa ya okosijeni ngakhale imodzi. Zikayamba kufuka utsi wakuda, yang'anani fyuluta ya mpweya, manozo ndi pampu ya dizilo. Ngakhale za petulo, si zonse zomwe zili nayo. Maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wosakaniza ndi mtovu pa 1 Januwale 2006, ndipo izi zisanachitike magalimoto ambiri opangidwira msika wa kuno, kuphatikizapo ambiri olumikizidwa ku South Africa, ankabwera opanda sensa komanso opanda catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, popeza mtovu umapha zonse ziwiri. Land Cruiser ya petulo ya kabuleta ili m'gulu lomweli. Choncho gwadani muone nokha. Tsatirani ekizozi kuyambira pomwe yachokera pa injini; sensa ndi kachitsulo kamsinkhu wa pulagi, komangidwa m'paipi, kokhala ndi waya mmodzi, awiri, atatu kapena anayi. Pa magalimoto ambiri a ku Japan opangidwa chisanafike chaka cha 1997 mupezanso kachitsulo kena kowonda pa catalytic converter. Kameneko kamangoyeza kutentha, ndipo n'kosavuta kukasokoneza ndi komwe tikukambaka.

Sensayi inapangidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany, ndipo Volvo inayamba kuiika m'magalimoto ake mu 1976 pofuna kukwaniritsa malamulo okhwima a utsi a ku California. M'kati mwake muli kachibekete ka dothi lowotcha lotchedwa zirconia, kokutidwa ndi platinamu kunja ndi m'kati. Kunja kwake kumadutsa utsi, m'kati mwake mumakhala mpweya wamba. Kakatentha kupitirira madigiri 300, kusiyana kwa okosijeni wa mbali ziwirizi kumabala magetsi ochepa kwambiri. Mafuta akachuluka m'injini, okosijeni yense amathera m'moto, utsi umatuluka wopanda wotsala, ndipo sensa imapereka pafupifupi 0.9 volt. Mafuta akachepa, okosijeni amatsala ndipo sensa imatsikira cha ku 0.1. Malire ali cha pa 0.45, pomwe makilogalamu 14.7 a mpweya akumana ndi kilogalamu imodzi ya petulo, muyeso womwe catalytic converter imafuna kuti iyeretse utsi. Kompyuta sikhala pamalirepo phee. Ikamva kuti mafuta achepa imawonjezera pang'ono, ikamva kuti achuluka imachepetsa, n'kumangotero pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse. Sensa yamoyo ndiye imadziwika ndi kusakhazikika kwake.

Zinthu ziwiri zimamasula milandu yambiri. Sensa sidziwa petulo, imadziwa okosijeni basi, ndipo chilichonse chobweretsa okosijeni mu ekizozi iyo imachitenga ngati kuchepa kwa mafuta. Komanso kompyuta simvera sensa nthawi zonse. Injini ikadali yozizira, kapena dalaivala akaponda moto mpaka pansi pokwera chitunda, imatseka makutu n'kuyendera ziwerengero zomwe inaikidwa kufakitale. Ndiye dandaulo lakuti galimoto ikulephera chitunda si kawirikawiri kuti lichokere ku sensa. Pamenepo ganizirani pampu ya petulo yotopa, fyuluta yotsekeka ndi zinyalala za mafuta a m'zigubu, kapena catalytic converter yomwe yasungunuka n'kutseka njira ya utsi.

Aliyense amene analowapo m'fakitale ya tiyi amam'dziwa munthu uja wolawa, amene amandandalika timakapu toyera n'kumalawa kamodzikamodzi ndi supuni. Akanena kuti tiyi wa lero wapserera, manejala wanzeru sathamangitsa wolawayo, amapita kukaona moto wa choumitsira. Lilime la wolawa likhozadi kufa, koma musanalikayikire mumayamba mwam'patsa kapu yomwe mukuidziwa kale kuti muone ngati aizindikire. Sensa nayo iyenera kuyesedwa chomwecho.

Ku Malawi sensayi ili ndi ntchito ina yowonjezera. Kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ETHCO inatsegulidwa ku Dwangwa, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo mu 2004 PressCane ya ku Chikwawa inayambanso kupanga. Muyeso wakhala ukusinthasintha pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100. Ethanol ali kale ndi okosijeni m'kati mwake, motero amafuna mpweya wochepa, makilogalamu 9 okha pa kilogalamu imodzi. Petulo wa magawo 10 amapsa bwino cha pa 14.1, wa magawo 20 cha pa 13.5. Kompyuta ya RAV4 ya 1998 inakonzedwera petulo wosasakaniza, ndipo imadziwa kuti m'thanki muli china kudzera mwa sensa yokha. Imawonjezera mafuta ndi 4 mpaka 8 peresenti, ndipo pamenepo palibe cholakwika. Koma mpata womwe kompyuta ili nawo wokonzera zinthu uli ndi malire, ndipo galimoto ya kuno imanyamuka itadya kale gawo la mpatawo. Kabowo kakang'ono ka paipi komwe ku Japan sikakanayatsa nyali, ku Thyolo kakhoza kuiyatsa. Onjezanipo mafuta a pamsewu a nthawi yomwe petulo wasowa, omwe ena amawasukulutsa ndi palafini: amapsa moipa, amasiya mwaye, ndipo thanki imodzi yokha ikhoza kubweretsa nambala yomwe imachoka yokha mukathira abwino.

Chomwe chimanamiza sensa kwambiri m'misewu ya kuno ndi ekizozi yobooka cha kumtunda kwake. Injini ikamagwedezeka m'maenje, mabauti a manifodi amamasuka kapena kuthyoka, gasiketi imapsa. Manifodi yotentha ikathiridwa madzi ozizira powoloka kamtsinje imang'ambika. Munthu angaganize kuti pabowo utsi umangotuluka, koma utsi umayenda modukizadukiza, ndipo pakati pa mafunde ake bowolo limayamwa mpweya wakunja. Mpweyawo ukadutsa pa sensa, sensa imati mafuta achepa. Kompyuta imawonjezera. Bowo likadalipo, ndiye sensa imanenabe zomwezo, kompyuta imawonjezerabe mpaka ifike pamalire ake n'kuyatsa nyali ndi P0171, yotanthauza kuti mafuta achepa, pomwe mapulagi ali bii ndi mwaye. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezekera. Kamakina kakuti mafuta achepa, mphuno ikuti achuluka, ndiye amati sensa yapenga. Chonsecho mphuno ikunena za m'silinda, sensa ikunena za m'paipi, ndipo palibe yomwe ikunama. Bowolo limapezeka m'mawa injini isanatenthe. Limalira tche-tche-tche pafupi ndi injini, n'kumachepa chitsulo chikafufuma ndi kutentha, ndipo pamalopo pamakhala kamzere ka mwaye. Wina akatseka kumapeto kwa ekizozi ndi sanza kwa masekondi ochepa, limamveka bwino.

Silinda yomwe sikuyatsa bwino imachita zomwezo. Petulo amatuluka wosapsa, koma amatuluka pamodzi ndi okosijeni wake yense, ndipo sensa imaona okosijeniyo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri la Thyolo, mawaya a mapulagi ong'ambika ndi makoilo okalamba amataya moto m'chinyezi. Galimoto imanjenjemera m'mawa, dzuwa likawala imakhala bwino, ndipo pofika ku galaja chatsala ndi nambala yokha. Nyali ya injini ikamaphethira m'malo mongoyaka, ndiye kuti kusayatsako kwafika poipa. Petulo wosapsayo amakapsera mu catalytic converter mpaka kuifiiritsa, ndipo kuimika galimoto yotero pa udzu wouma wa m'mphepete mwa munda, kapena pa masamba a bulugamu m'nkhalango zomwe maesiteti amadzala kuti apeze nkhuni za fakitale, n'kuitana moto.

Kumbali yolowera mpweya kulinso zake. Mapaipi a labala okalamba amang'ambika, makamaka ija yaikulu yamakwinya ya pakati pa fyuluta ndi injini, n'kulowetsa mpweya womwe sunawerengedwe. Kapena fumbi lofiira lija, lodutsa pa fyuluta yomwe yakhala ikupopedwa ndi kompuresa m'malo mosinthidwa, limakuta kawaya ka sensa yoyeza mpweya, ija ya MAF, n'kuichititsa kuwerenga zochepa. Apa mafuta amachepadi m'silinda. Amene ali ndi kamakina koonetsa ziwerengero injini ikulira, ngakhale ka ELM327 kolumikiza ku foni, asamangoyang'ana manambala a P. Aone mizere iwiri yolembedwa STFT ndi LTFT, yomwe imasonyeza mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa. Ziwirizi pamodzi zikakhala m'kati mwa 10 peresenti, palibe chodetsa nkhawa. Zikafika 20 galimoto itaima, n'kutsika mukakweza liwiro la injini kufika 2,500 rpm, pali paipi yomwe ikuyamwa mpweya. Zikakhala bwino itaima koma n'kumakwera mukamathamanga, mafuta sakufika okwanira kapena MAF yada. Pa V6 yokhala ndi sensa mbali zonse ziwiri, P0171 ikabwera pamodzi ndi P0174, musakhulupirire kuti masensa awiri afa tsiku limodzi. Funani chomwe mbali ziwirizo zikudyera limodzi.

Pali mwambo wina wa m'magalaja athu womwe ndimadana nawo kwambiri, wochotsa thermostat. Amati kuno n'kotentha, chinthucho n'cha maiko ozizira. Thermostat sinaikidwe chifukwa cha chisanu cha ku Ulaya. Ntchito yake n'kufikitsa injini msanga pa madigiri 80 ndi kupitirira pang'ono, n'kuisunga pomwepo. Ikachotsedwa, madzi amazungulira mu redieta kuyambira pomwe mwaliza, ndipo m'mawa wa chiperoni, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono kuchoka divishoni ina kupita ina, kuima pa sikelo ya masamba, kutsetsereka mtunda wautali osaponda moto, injini sitentha mokwanira. Kompyuta imaona injini yozizira, imathira mafuta ochuluka, ndipo imachedwa kuyamba kumvera sensa. Mwaye umakuta nsonga ya sensa, sensa imayamba kuchedwa kuyankha, P0133 imatuluka. Mukasintha sensa osabwezera thermostat, yatsopanoyo idzatsata njira yomweyo. Masensa akale a waya mmodzi, omwe alibe hita yawoyawo ndipo amadalira utsi kuti uwatenthetse, ndi omwe amavutika kwambiri ndi kayendedwe kotere.

Sensa imafa ndithu, ndipo pa galimoto ya zaka 20 n'kutheka kuti ikadali ija yakufakitale. Opanga amati zopanda hita zimatha pakati pa makilomita 50,000 ndi 80,000, za hita cha pa 100,000, ndipo zatsopanoko zimafika 160,000. Ikakalamba imachita ulesi, imayankhabe koma mochedwa. Imfa yadzidzidzi imabwera ndi poizoni kapena ngozi, ndipo mtundu wa nsonga yake umaulula chomwe chaipha. Mwaye wakuda wofumbutuka ndi mafuta ochuluka. Ufa woyera ndi silikoni, uja amakaniko amapaka pa gasiketi iliyonse. Nthunzi yake ikalowa m'injini imasiya pa sensa chikuto chosachoka, choncho pa injini pakani yekhayo wolembedwa kuti saononga sensa. Zoyera zamchengamchenga ndi madzi a redieta odutsa pa gasiketi ya hedi yomwe yapsa. Zofiirira zolimba ndi oyilo wa injini yomwe yayamba kum'dya. Gwero la zimenezi likapanda kutsekedwa, sensa yatsopano idzafanso. Ngozi zake n'zomwe msewu umabweretsa: chitsa kapena mwala kumenya sensa yapansi, nthambi kukoka waya, waya kugona pa ekizozi n'kusungunuka, madzi ozizira kuswa dothi lotentha la m'kati. Galimoto yomwe inalowa m'madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ikhoza kukhala ndi masoketi obiriwira mpaka lero, ndipo pa magetsi osakwana volt imodzi, dzimbiri pang'ono limasintha uthenga wonse. Waya wa earth wa injini akamasuka zimakhalanso chimodzimodzi, makamaka kwa sensa ya waya mmodzi yomwe earth yake ndi ekizozi yadzimbiriyo.

Kuyesa kwake sikufuna kumasula kanthu. Tenthetsani injini mpaka singano ya kutentha ifike pakati, panja osati m'galaja yotseka, pakuti utsiwu umapha mwakachetechete. Tengani mita ya manambala, muiike pa DC, waya wakuda agunde chitsulo cha injini, wofiira mum'lowetse ndi kaphini kumbuyo kwa soketi pa waya wa uthenga, soketiyo ili chilumikizire. Babu yoyesera ija amakaniko amaikonda isayandikire waya ameneyu, ndipo musam'yeze ma-ohm. Gwirani injini pa 2,500 kwa mphindi ziwiri. Sensa yamoyo imadumphadumpha pakati pa 0.2 ndi 0.8 mosalekeza. Ikangokhala mbali imodzi, musaiweruze msanga, ipatseni kapu yodziwika ija. Zulani kapaipi ka mpweya pa manifodi yolowera: manambala agwe nthawi yomweyo kufika cha ku 0.1. Bwezerani, pondani moto mwadzidzidzi: akwere kupitirira 0.8, ndipo mukachotsa phazi agwenso. Sensa yomwe yayankha mbali zonse ziwiri mofulumira ndi yabwino, ndipo ngati imakonda kukhala pansi kapena pamwamba, ikukuuzani za injini. Yomwe yangoti zii pa 0.45 kaya mutani ndi yozizira, yakufa, kapena waya wake waduka, chifukwa pa magalimoto ambiri 0.45 ameneyo amachokera ku kompyuta yomweyo.

Eni a Toyota zakale ali ndi mwayi wina. Lamulo la OBD-II, lokhudza timakina ta diagnosis, linayamba ku America mu 1996 ndipo ku Ulaya magalimoto a petulo anatsatira mu 2001, koma opangidwira msika wa ku Japan anachedwa, ndipo ena ngakhale ali ndi soketi ya mabowo 16 salankhulana ndi timakina totchipa. Pa zakalezo, m'boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Mukalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya n'kutsegula kiyi, nyali ya injini imaphethira manambala: 21 ndi ya sensa ya okosijeni, 25 mafuta achepa, 26 achuluka. Kawayako kali pomwepo, injini yotentha ili pa 2,500, mita ya singano yoikidwa pa VF1 ndi E1 iyenera kugwedezeka maulendo 8 kapena kuposa m'masekondi 10.

Nambala yomwe kawirikawiri imaloza pa sensa penipeni ndi ya hita, P0135 ya kutsogolo kapena P0141 ya kumbuyo. Zulani soketi, yezani ma-ohm pakati pa mawaya awiri ofanana mtundu. Pa Toyota zambiri zakale mupeza 11 mpaka 16 sensa ili yozizira, mitundu ina imapereka ochepa kuposa apa, koma mita ikasonyeza kuti njira yaduka, hita yapsa ndipo sikonzeka. Ikakhala bwino, onani fyuzi ndiponso ngati 12 volt ikufika pa soketi.

Zonse ndanenazi ndi za sensa wamba ya zirconia. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Toyota ndi makampani ena anayamba kuika kutsogolo mtundu wina, wotchedwa A/F sensor, womwe umauza kompyuta kuti mafuta achepa kapena achuluka ndi muyeso wanji. Pa kamakina, ya Toyota imaoneka itakhazikika cha pa 3.3 volt, ndipo mafuta akachepa imakwera m'malo motsika. Makaniko woyembekezera kudumphadumpha amaitaya ili yamoyo, ndipo popeza pomangira pake n'pofanana, amamangapo yawamba yotchipa yomwe kompyuta singaimve. Injini za V8 za Range Rover ndi Discovery za chisanafike chaka cha 1999 zinali ndi mtundu wachitatu, wa titania, womwe subala magetsi akeake koma umasintha mmene ukudutsitsira ochokera ku kompyuta. Ndiye popita kogula tengani nambala yolembedwa pa thupi la sensa yakale, kapena nambala ya chasisi. Dzina la galimoto lokha silikwanira.

M'mashopu a ku Limbe ndi ku Blantyre mabokosi olembedwa Denso, NTK kapena Bosch alipo, koma dzina la pabokosi limabedwa, ndipo mtengo wotsika modabwitsa ndi chenjezo. Sensa yakufakitale yochotsedwa pa galimoto yangozi, yomwe hita yake mwaiyeza musanalipire ndipo nsonga yake ndi yotuwa bwino, ine ndimaikhulupirira kuposa yatsopano yosadziwika komwe yachokera. Ija yotchedwa universal, yobwera yopanda soketi, imagwira ntchito ngati mitundu ya mawaya yawerengedwa bwino, ndipo apa pali msampha. Kwa Bosch wakuda ndi wa uthenga, wotuwa ndi earth, oyera awiri ndi a hita. Kwa Denso wa uthenga ndi wabuluu, woyera ndi earth, akuda awiri ndi a hita. Wongolumikiza wakuda ku wakuda wasokoneza zonse. Mawayawo apanidwe ndi timapaipi tachitsulo tobwera nayo, asawotchereredwe ndi mtovu, chifukwa masensa ambiri amapuma mpweya wakunja uja kudzera m'kati mwa waya momwemo. Pomasula yakale, ekizozi ikhale yofunda pang'ono, sipanala ndi ya 22, soketi izulidwiretu kuti waya asapotoke, ndipo galimoto ikhale pa zochirikiza, osati pa jeke yokha. Kutsuka sensa m'petulo kumachotsa mwaye wa pamwamba basi. Yodya silikoni kapena yokalamba sidzuka, ndipo bulashi ya waya imangoimaliza.

Sensa yachiwiri, ya kumbuyo kwa catalytic converter, ntchito yake yaikulu ndi kulondera chipangizocho. Chikakhala chamoyo, sensayi imakhala yodekha cha pa 0.6 kapena 0.7; ikayamba kudumpha mofanana ndi yakutsogolo, kompyuta imatulutsa P0420. Masiku ano zipangizo zimenezi zikugumulidwa m'kati, zina chifukwa zinatsekeka, zina chifukwa pali ogula zam'katizo pofuna platinamu, palladium ndi rhodium, nthawi zina mwini galimoto osadziwa. Pamenepo ngakhale mutasintha sensa kangati, nyali sizima. Galimoto idzayendabe, koma utsi womwe unkayeretsedwa tsopano ukupumidwa ndi othyola tiyi m'mphepete mwa msewu ndi ana opita kusukulu, ndipo kwa ine imeneyi si nkhani yaing'ono.

Ena amangozula soketi ya sensa n'kumayenda. Poyesera chabe, n'zothandiza: galimoto ikayamba kuyenda bwino sensa itazulidwa, ndiye kuti uthenga womwe unkapita ku kompyuta unali wosocheretsa, ngakhale zatsalabe kudziwa ngati wolakwa ndi sensa kapena bowo la pa manifodi. Koma kuisiya choncho si kukonza. Kompyuta imabwerera ku ziwerengero za kufakitale, zomwe sizidziwa za ethanol wa ku Dwangwa kapena za injini yotha, nyali imangoyaka osazima, ndipo vuto lina likadzabwera simudzadziwa.

Mukakonza chomwe mwapezacho, fufutani zomwe kompyuta inazolowera, ndi kamakina kapena pochotsa waya wa batire kwa mphindi zingapo, apo ayi kwa kanthawi idzapitiriza kuthira mafuta a bowo lomwe mwatseka. Kenako iyendetseni ulendo wokhala ndi tala, chitunda, mtsetse ndi kuima ikulira. Kuchoka pa Boma kukafika pa Bvumbwe n'kubwerera kudzera m'misewu ya m'minda kungakwanire. Manambala ena, monga P0171 ndi P0420, amafuna kuti vuto lioneke maulendo awiri asanayatse nyali, choncho tsiku loyamba silitsimikiza kanthu. Pakatha masiku angapo onaninso LTFT. Ikakhala pansi pa 10, vuto linalidi pomwe munagwirapo. Ikayambanso kukwera, mpweya ukulowabe penapake, ndipo malo oyamba kubwererako ndi gasiketi ya manifodi ndi paipi yamakwinya ija.